Dzanja Lamanja la aChirambo

Adada anga, a Hezron Chirambo, anayamba kuimbitsa kwaya ya mpingo wathu kuno ku Henga ine ndisanabadwe. Kaimbitsidwe kawo aliyense wa m'chigwa muno amakadziwa. Amakweza dzanja lamanja atalifumbata, nkuliimika m'mwamba. Ndiye mudikiretu. Mpweya mwakoka kale, nyimbo yafika pakhosi, koma dzanja likadali chifumbatire palibe woyerekeza kutsegula pakamwa. Akangotambasula zala, basi, nyimbo nkuphulika. Ine Lusungu, mwana wawo wachiwiri, ndakulira pansi pa dzanja limenelo ndikuimba alito, ndipo ndikuuzeni, kudikira kuja kumakoma kuposa nyimbo yeniyeniyo.

Ndiye tangoganizani. Chaka cha chisankho chija, magalimoto a kampeni ali pikitipikiti pa M1, adada anagwa kuseri kwa chigafa cha fodya. Sitiroko. Tinathamanga nawo ku chipatala ku boma, ndipo Mulungu anatichitira chifundo. Lilime linamasuka pasanapite nthawi, mwendo unayamba kuyenda ngakhale mokoka, ndodo ili kumanzere. Koma dzanja lamanja linabwera kunyumba litafumbata, osatsegukanso. Pa ziwalo zonse za m'thupi, matenda anasankha chomwecho. Ine zinandipweteka, zinandikwiyitsanso, ngakhale sindinkadziwa woti ndimukwiyire.

A mafizo, aja olimbitsa ziwalo ku chipatala, anatiuza momveka bwino kuti dzanjalo lizigwira ntchito tsiku ndi tsiku. Mawu amenewo anathera pa geti. Kunyumba tinapeza ankhazi Kezia, alongo awo aakulu a adada, atafika kale ndi sutikesi. Kwathu kuno mlongo wa bambo si munthu woti nkumuyankha, nanji ankhazi Kezia amene analinso wapampando wa Umanyano, gulu la amayi a mumpingo. Atamva za mafizo anangogwedeza mutu.

"Hedimasitala wopuma, mkulu wa mpingo, azilimbana ndi supuni anthu akuona? Ife tafa? Yayi."

Amayi a Umanyano anagawana masiku. Wina kuwathirira madzi osamba m'manja, wina kuwamwetsa tiyi, wina kuwasendera nthochi. Dzanja lodwalalo ankhazi analigoneka pa pilo nkulivundikira ndi kansalu koyera koluka, kaja amama amavundikira nako wailesi. Obwera kudzazonda ankangogwira manja awo okha, kuwerama, nkunena monire ali chapatali, kuopa kuchititsa manyazi munthu wamkulu. Zonsezi zinali ulemu, ndipo ulemu wake wochokera pansi pa mtima. Koma adada anakhala pakhonde ngati mlendo pakhomo pawo pomwe. Masaya ananenepa, kuseka kunatha.

Amama anga a Muriel si anthu olankhula zambiri. Chikwatiwire chawo sindinawamvepo akutsutsa alamu awo, ngakhale pa za mchere wa m'ndiwo. Ankangoti "Yewo, alamu," nkulowa m'khitchini.

Ndiyeno akulu a mpingo anakhala pansi nkugwirizana. Mu Ogasiti kunali chikondwerero cha makwaya ku Mhuju. Ngati aChirambo sadzatha kuimbitsa tsiku limenelo, kwaya ipita m'manja mwa Gordon Mhango, wachiwiri wawo, ndipo ipitiratu. Gordon alibe vuto, ndi munthu wabwino, koma amayambitsa nyimbo powerenga wani, thuu, firii ngati tili pa mpikisano wothamanga. Akuluwo anabwera kudzawauza. Adada anangoyang'ana kansalu koyera kaja mpaka alendo anatsanzika.

Apa mpamene anatulukira mkulu wanga Watipaso, mwana wamkazi woyamba wa adada.

Watipaso amakhala ku Cape Town, pa yunivesite, komwe amafufuza za ubongo. Anthu a kwathu sanamvetsepo ntchito yake. Chomwe anagwira nchakuti amasunga makoswe, ndiye ankati mwana wa aChirambo anaphunzira mpaka kupitirira, nkukathera ku makoswe. Anatsika minibasi yochokera ku Mzuzu masanasana, fumbi lili mbuu, chikwama kumsana. Ine ndinamuchingamira ndikukuwa ngati mwana, ndipo tisanafike nkomwe pakhomo anali atandiuza kale kuti chimene wakhala akusaka zaka zonsezi chaoneka. Sindinamve kanthu, koma maso ake ankachita kuwala.

Pakhonde anagwada bwinobwino ngati mwana woleredwa. Kenako anachita chinthu chimene chinaimitsa mtima wa aliyense. Anachotsa kansalu kaja, nkukapinda, nkutambasula dzanja lake lamanja.

"Monire, adada."

Adada anamupatsa lamanzere. Iye sanalilandire.

"Linalo, adada."

Ankhazi Kezia anadzuka pa mkeka. "Iwe mwana! Wiso wadwala, suona? Kapena ulemu unausiya mundege?"

"Ndaona, ankhazi. Ndiye chifukwa chake ndikufuna linalo."

Adada anayang'ana mwana wawo, nkuyang'ana dzanja. Phewa linakwera, chigongono chinasuntha, chibakera chija chinakwawa pa pilo mpaka kugwera m'chikhatho cha Watipaso. Zala sizinatseguke. Iye anachigwira choncho, nkuchigwedeza. Ankhazi analowa m'nyumba akung'ung'udza, amama ali pambuyo pawo.

Dzuwa litapendeka tinakhala atatu pansi pa mtengo wa mango. Uhedimasitala wa adada unadzuka.

"Tafotokoza. Makoswe akowo umatani nawo? Ufotokoze ngati ukuuza mwana wa sitandade eyiti. Ukalephera ndiye kuti iwe mwini sunamvetse."

Watipaso anachita ngati wapatsidwa mphatso. Anakhala tsonga, manja ali m'mwamba.

"Mu ubongo muli maselo osawerengeka, adada, ndipo amalankhulana. Ambiri ndi odzutsa anzawo, amangoti yamba, yamba. Koma pakati pawo pali ena ochepa amene ntchito yawo nkuletsa. Timawatchula kuti maselo a pakati. Ndiwo mabuleki. Popanda iwowa onse angakuwe nthawi imodzi, munthu nkugwa khunyu."

"Kwaya yopanda woimbitsa," anatero adada.

"Eya! Tsono pamene selo lakhudzana ndi linzake pali polumikizira. Mukamabwereza chinthu, polumikizira paja pamalimba, uthenga nkumadutsa mosavuta. Kuphunzira nkomweko. Ine funso langa linali lakuti, kodi oletsa aja nawonso amaphunzira? Amaphunzira, adada! Nawonso polumikizira pawo pamalimba, nkumaletsa mwamphamvu kuposa kale."

"Ndiye akapitirira muyeso?"

"Apo! Funso lake ndi lomwelo!" Watipaso anawomba m'manja mpaka nkhuku zinabalalika. "Pakhungu pa maselo oletsawo pali timakutu tating'onoting'ono tomva lamulo loti khala chete. Dzina lake timati GABA-B. Ine ndimatenga kachidutswa kopyapyala ka ubongo wa khoswe, kuika pa maikulosikopu, nkulowetsa kasingano ka galasi m'selo limodzi loletsa. Ndikaligogoda mobwerezabwereza, polumikizira pake pamalimba. Koma ndikayamba ndadontheza mankhwala odzutsa timakutu tija, tizitseko tolowetsa kashiamu m'selomo timatsekeka, ndipo popanda kashiamu palibe kulimba. Ndigogode bwanji, silisintha. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaganiza kuti makina afa. Ndinabwereza, ndinabwereza, nkumapeza zomwezo. Ndinavina ndekha m'labotale, adada, chonsecho ndine mwana wa mkulu wa mpingo."

 Adada anafunsa pang'onopang'ono.

"Ukuti woletsa nayenso ali ndi womuletsa?"

"Ndi zomwezo."

Anatembenuka nkuyang'ana kukhitchini, komwe mawu a ankhazi Kezia ankamveka akulangiza amama kaphikidwe ka phala. Ndiye anaseka. Anaseka mpaka misozi, pakamwa patapendekera mbali imodzi, ndipo ifenso tinagwa nako kuseka. Chibwerere ku chipatala kanali koyamba.

Kuseka kutatha Watipaso anawagwira bondo. "Koma ndisakunamizeni, adada. Zangazo ndi za makoswe, komanso ndi za mbali ya ubongo yosunga zokumbukira, osati ya dzanja. Mankhwala sindinabweretse, ndipo sindine dokotala wa odwala. Chimene ndikudziwa nchomwe a mafizo anakuuzani kale. Ofufuza za sitiroko amati pozungulira pamene pavulala mabuleki amagwira zolimba, mwina pofuna kuteteza, koma amachedwa kumasula. Ndipo miyezi yoyambirira inoyi ndi pamene ubongo uli wofewa, wokonzeka kulambula njira zatsopano. Dzanja likamayesa, njira zimalimba. Likangogona pa pilo, ubongo umaphunziranso zomwezo, kuti dzanjali ndi logona."

"Nanga bwanji likufumbata lokha? Mphamvu ilimo, ndikuimva."

"Kuti zala zitseguke, minofu yofumbata iyenera kuuzidwa kaye kuti khala chete. Lamulo limenelo ndi lomwe silikufika."

Adada anayang'ana chibakera chawo ngati akuyang'ana mwana wasukulu wosamva. "Ndiye tiliphunzitsa," anatero.

M'mawa mwake anakhazikitsa lamulo, ndipo analinena okha ankhazi ali pomwepo. Aliyense wobwera kudzazonda apatsidwa moni wa dzanja lamanja, ndipo adikire mpaka dzanjalo lifike. Watipaso anadabwa, chifukwa iye sanaganizeko zimenezo. Iye anabwera ndi maganizo a timipira tofinya. Adada anaona kuti pakhomo pa mkulu wa mpingo wodwala alendo satha, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye mafizo ake ndi amenewo.

Abale inu, pakhomo pathu panasanduka pochitikira zinthu. Abusa anabwera, nkuima dzanja lili m'malere mpaka anayamba kung'ung'uza nyimbo kuti nthawi idutse. Aphunzitsi anzawo akale ankachita kupikisana kuti ndani wamva chala chikusuntha. Kunabweranso bambo wina amene anagwa pa chisankho koma ankayendayendabe kukonzekera china, wozolowera kugwira anthu chanza akuthamanga. Ameneyo anaima mpaka thukuta, dalaivala wake akuliza hutala kumsewu. Adada sanamufulumirire nkomwe.

Alendo akachoka inali nthawi ya nyemba. Tinkathira nyemba m'lichero, adada nkumayesa kukankha imodziimodzi kulowetsa m'kapu. Supuni anailanda kwa amayi a Umanyano. Phala linkathera pa malaya, ndipo ankhazi ankatembenuka kuyang'ana khoma. Amama ndi amene ankandimvetsa chisoni. Ankakhala pafupi, manja awo akunyamuka okha kufuna kuthandiza, kenako nkuwapanikiza pakati pa mawondo. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akupukuta maso.

"Watipaso akuti tisawathandize," anatero. "Koma Lusungu, kuonerera kukupweteka kuposa kugwira ntchito."

Chala chachikulu chinasuntha Lachinayi lina m'mawa, adada akupereka moni kwa mayi wogulitsa usipa wa ku Mlowe. Mayiyo ndi amene anakuwa. "Chayenda! Chandikanda!" Ine ndinataya ndowa ya madzi nkuthamanga. Watipaso anatuluka m'bafa sopo ali m'mutu. Tinazungulira dzanja lija tikulumphalumpha, adada akubwereza, chala chikusuntha pang'ono ngati mutu wa kamba. Usipa wonse wa mayi uja amama anaugula osanenerera. Kenako chinatsatira cholozera. Masiku abwino zala ziwirizo zinkatseguka mpaka kugwira m'mphepete mwa kapu.

Koma panali vuto limene tonse tinaliona, osafuna kulitchula. Adada akakhala phee, dzanja linkamvera. Anthu akachuluka, mtima ukagunda, linkafumbata kuposa kale. Pa pulakatisi yomaliza m'tchalitchi mwathu anakweza chibakera, ife kukoka mpweya, kudikira, kudikira, mpaka ena anayamba kutsokomola. Sichinatseguke. Gordon anabwera pafupi mwaulemu.

"Adada, bwanji muyambitse ndi lamanzere? Kapena mungogwedeza mutu, ife timva."

"Lamanzere ndi la ndodo. Ndikaisiya ndigwa. Ndipo ine siwoimbitsa ndi mutu ngati buluzi."

Madzulo amenewo ankhazi Kezia anakhala pafupi ndi adada, ndipo sanakalipe. Analankhula mofatsa, zomwe zinandiopsa kwambiri.

"Adumbu, ndinakuberekani kumsana muli khanda. Sindingapirire kukuonani mutaima pamaso pa anthu a mipingo yonse mukulephera. Musiyireni Gordon. Anthu akukumbukireni mmene munalili."

 Ankhazi sankanama, ankawakondadi alongo awo. Adada anangoti, "Ndamva, adumbu. Mawa tipita."

Ku Mhuju tchalitchi chinadzaza mpaka anthu kukhala m'mawindo. Kunabwera makwaya a m'chigwa monse, ena ochokera kunyanja, mayunifolomu ali waliwali. Amayi a Umanyano anakhala mabenchi akutsogolo, mabulauzi oyera, masiketi akuda, ankhazi Kezia ali kumapeto kwa benchi, amama pambali pawo. Watipaso anakhala kumbuyo kwawo akudya zikhadabo. Ndinaona kuti ankhazi atenga kansalu koyera kaja, akukapotokola m'manja.

Anaitana dzina la kwaya yathu. Tinafola. Adada anayenda ndi ndodo yawo pang'onopang'ono, jekete yakuda, tayi yomwe anamanga amama. Anthu anawomba m'manja asanachite kalikonse, chifukwa nkhani ya matenda inali itamveka ponseponse. Anaima patsogolo pathu, kutiyang'ana mmodzimmodzi, nkutipatsa mawu oyambira chapansipansi. Kenako phewa linakwera, chigongono chinawongoka, chibakera nkuima m'mwamba.

Tinakoka mpweya.

Palibe chinachitika.

Chibakera chinanjenjemera. Ndinkaona mitsempha ya pamkono itatupa, zala zikukanirira m'chikhatho. Thukuta linatsika pachipumi pa adada nkulowa m'diso, ndipo analibe dzanja lolipukutira. Mpweya unandithera, ndinautulutsa mwakachetechete nkukokanso wina. Kumbuyo kwa tchalitchi kunayamba manong'onong'o. Mwana wina analira. Gordon, amene anali kumbuyo kwanga ku matena, ndinkamumva akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, koma sanayambitse, ndipo pa chimenecho ndidzamulemekeza mpaka kale.

Ndiye ndinaona ankhazi Kezia akudzuka. Kansalu kali m'manja, misozi ili m'masaya, phazi limodzi lili kale m'kanjira. Ankapita kukavundikira dzanja la mlongo wawo nkuwatsitsa pamenepo. Ndipo akanafika, adada akanamvera, chifukwa pagulu sakanakangana ndi alongo awo aakulu.

Amama anawagwira pamkono.

Amama anga omwe aja, a "Yewo, alamu." Sanakweze mawu, koma m'tchalitchimo munali zii moti tonse tinamva.

"Alamu, khalani pasi."

Ankhazi anatembenuka modabwa ngati alumidwa ndi nkhuku yawo yomwe. Anayesa kukoka mkono. Amama sanausiye.

"Khalani pasi. Musiyeni mwanalume wane amalize."

Ankhazi anakhala.

Adada anaziona zonsezo ndi ngodya ya diso. Ndikulumbira, pakamwa pawo panapendekera mbali imodzi, kuseka kuja kwa pansi pa mango kukufuna kutuluka. Mapewa anatsika. Anatulutsa mpweya wautali. Ndipo m'mwamba muja chala chachikulu chinasuntha, nkupatuka. Cholozera chinawongoka. Kenako chapakati, chimene chinali chisanamverepo chiyambire, chinadzuka pang'onopang'ono nkuima ndi zinzake. Ziwiri zotsalazo zinakhalabe chopindika, koma ife sitinadikire zimenezo.

Nyimbo inaphulika. Sindikudziwa ngati tinaimba bwino. Ndikudziwa kuti ine ndinkaimba ndikulira, kuti masopulano anakwera mpaka malata kulira, kuti nthungululu zinayamba tisanamalize vesi yoyamba. Watipaso, munthu wa maikulosikopu, anali ataimirira pa benchi m'nyumba ya Mulungu akukuwa kuti "Chachitatu! Chachitatu!" mpaka mkulu wina wa mpingo anamukoka siketi. Adada anaimbitsa nyimbo yonse ndi zala zitatuzo, ndipo pomaliza anazifumbata, ife nkudula mawu nthawi imodzi.

Sitinapambane. Inapambana kwaya ya kunyanja, ndipo inayeneradi. Za Gordon kutenga kwaya palibe anazitchulanso.

Panja anthu anafola mzere kufuna kupereka moni kwa aChirambo, aliyense dzanja lamanja lili patsogolo, poti lamulo la pakhonde pathu linali litafika kale ku Mhuju. Adada anali atatopa zedi, dzanja litabwerera kufumbata, ndiye mzere unkayenda pang'onopang'ono. Amama anaima pambali pawo atanyamula ambulera. Watipaso anawanong'oneza kuti, "Amama, mukudziwa kuti inu ndi amene ndimakufufuzani ku Cape Town?" Amama anangomuyang'ana, osamva, nkumuuza kuti akonze duku.

Kumapeto kwenikweni kwa mzere kunali ankhazi Kezia. Akanatha kudutsa onse, palibe akanawaletsa, koma anafola ngati wina aliyense. Atafika, amama anayang'ana pansi. Ankhazi anatenga kansalu koyera kaja nkuwapatsa.

"Mlamu, kabwezereni pa wailesi."

Kenako anatembenukira kwa adada nkutambasula dzanja lamanja. Chibakera cha adada chinanyamuka, chikunjenjemera, zala zitakanirira. Ndinaona dzanja lina la ankhazi likunyamuka lokha kufuna kukathandiza kuzitsegula. Analibweza, nkulibisa kumsana.

"Musafulumire, adumbu," anatero. "Ndidikira."